Masiku Khumi a Dzinkambani pa Chingwe

Amuna anga, a Américo, akagwira mfundo yawo, ngakhale muwaimbire ng'oma sangaisiye. Zaka makumi atatu ndili nawo pabanja kuno ku Mualadzi, ndiye za iwo musandiuze.

Ali ndi galu wawo wosakira nyama, Dzinkambani, wofiirira, wong'ambika khutu limodzi. Nchenzi ikangodya chimanga kudimba, iye amailondola mpaka komwe yabisala. Ana athu onse anapita kumabanja awo, ndiye bambowa amacheza ndi galuyo kuposa ine. Nsanje ndinali nayo, ndibisirenji?

Tsiku lina sekeretariyu wa bairu, mkulu woyang'anira dera lathu, anayenda khomo ndi khomo. Akuti Lachinayi agalu onse apite pabwalo la sukulu akabayidwe vasina ya chiwewe, mwini galu alandire kartawu, kapepala kosonyeza kuti galu wake wabayidwa. Zaulerenso.

"Bambo a Crimilda, mupite naye ameneyu," ndinatero.

"Singano ija imapha mphuno, mai a Crimilda. Galu wa malemu atsibweni atabayidwa, nyama inkamudutsa pamaso iye ali gone."

"Galu uja anali nkhalamba yopanda mano!"

"Za uzimba inu mukuzidziwira kuti?"

Lachinayi lake analawira naye kudimba, n'kubwerako a vasina atapita kale. Ndipo sanali okha ayi. Ndinamva kuti alenje anzawo atatu nawonso anabisa agalu awo kumadimba tsiku limenelo.

Patapita masabata atatu, a Yolanda, oyandikana nafe nyumba, amachokera ku nkhuni atasenza mtolo. Ndi mayi wachichepere, ndipo anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi. Anadzera pabwalo pathu monga mwa masiku onse, osayang'ana pansi, n'kumuponda Dzinkambani mwendo ali mtulo. Galu uja anadzidzimuka n'kuwagwira pakatumba. Mano awiri analowa, magazi chuchuchu.

Mayo ine! Ndinawatsuka balalo ndi sabawu, sopo wochapira uja, ndi madzi ambiri. Amuna awo, a Maliko, anathamanga nawo pamota, njinga yamoto, kuchipatala. Madzulo anabwera kwathu ndi tekiniku wa ziweto.

"Kartawu ya galuyu ili kuti?" anafunsa tekinikuyo.

A Américo anangoyang'ana zala zawo zakumiyendo ngati akuziona koyamba.

"Aphedwe lero lomwe!" anakuwa a Maliko. "Mkazi wanga ndi woyembekezera, mukumva?"

"Mukamupha lero, tidziwa bwanji ngati ali ndi chiwewe?" anatero tekiniku uja modekha. "Amangidwe masiku khumi, asayandikane ndi munthu kapena chiweto. Tsiku lakhumi ndibwera. Ndikamupeza akudya, akumwa, ali bwinobwino, ndimubaya vasina, nkhani yatha. Koma akasiya kudya, kapena kuyamba kuchucha dovu, tidzamupha. Mayiwa asadumphe masiku okabayitsa omwe awapatsa kuchipatala."

Tinamumanga pamtengo wa mango ndi chingwe cha ng'ombe. Galu woti chibadwire sanamvepo chingwe m'khosi! Masiku atatu oyamba analira mpaka mawu kusasa. A Américo kudimba anasiya. Amangokhala pachitsa chapatali pang'ono, kumuyankhula ngati munthu: pirira mnzanga, atsala asanu ndi awiri, atsala asanu ndi limodzi. Ine ndimaphika phala la gaga n'kumukankhira mbale ndi nsungwi.

A Maliko moni anatimana. Koma m'mawa uliwonse ndimaona mutu wawo pamwamba pa mpanda, kusuzumira ngati galuyo akadali moyo. Sindinawade. Ndikanakhala ine ndikanachita zoposa pamenepo.

Tsiku lachisanu ndi chitatu Dzinkambani anasiya phala theka. Lachisanu ndi chinayi sanalinunkhize n'komwe. Anangogona, mutu pamiyendo, nthiti zikuwerengeka. Ine ndinali nditasunga mawu anga oti "ndinanena ine," ndimadikira nthawi yabwino yowalavula. Atafika pakhosi anakanika kutuluka. Ndinachita mantha kwambiri.

Tsiku lakhumi m'mawa ndinamva khasu likulira kuseri kwa khola la mbuzi. Ndinawapeza bambowo ali m'dzenje lofika m'mawondo.

"Mukukumba chiyani?"

"Akamupha, ndisakamutaye kutchire ngati chinyalala." Sanandiyang'ane. "Ndamupha ndine, mai a Crimilda. Nanga mwana wa eni ake ali m'mimbayo, chikamuchitikira chinthu, ndidzayenda bwanji m'mudzi muno?"



Pomwepo tinaona a Yolanda akulowa pabwalo, akutsimphina, mwendo uli womanga, mbale m'manja. Pambuyo pawo a Maliko akulalata: "Bwerera iwe! Akumalize?"

"Ndinamuponda ndine, sanandiyambe," anatero a Yolanda osacheuka. Kenako anatembenukira kwa ine. "A Carolina, galu wozolowera nyama mwamudyetsa gaga masiku asanu ndi anayi, ali pachingwe. Inuyo mukanadya?"

Anali atapha nkhuku yawo m'mawa womwewo. M'mbalemo munali matumbo, mutu ndi zipalapasiro. Anaima patali, pomwe chingwe sichifika, n'kuponya matumbo aja.

Dzinkambani anakweza mutu. Mphuno inagwedera. Anadzuka mwapendapenda, n'kununkhiza, kamodzi n'kamodzi kwiti! wameza. Ananyambita ndi dothi lomwe, mchira ukugunda mtengo wa mango. Kenako anapita pachigoba cha madzi n'kumwa mpaka kuchigubuduza.

A Maliko analanda mbale ija kwa akazi awo. Ndinati basi, akukaitaya. Ayi ndithu, anatenga mutu wa nkhuku n'kuuponya okha.

"Idya, chitsiru iwe! Idya!"

Tekiniku anafika dzuwa lili paliwombo. Anamuyang'ana m'maso ndi m'kamwa, n'kuona mmene amatafunira zipalapasiro zija.

"Galuyu alibe chiwewe," anatero, akutulutsa singano m'chikwama.

A Américo anamugwira okha mutu pomubaya. Atalandira kartawu ija anayang'ana a Yolanda. Anapita kuseri kwa khola, n'kukhala m'mphepete mwa dzenje lawo, n'kulira. Zaka zonsezi sindinawaonepo misozi, ngakhale pamaliro a mayi awo. Inenso ndinangophimba kumaso ndi nsalu.

A Maliko anawatsatira. Anatola khasu lija pomwe linagwera, n'kuwakhudza paphewa kuti achotse miyendo m'dzenjemo, n'kuyamba kukwirira.