Adokotala Angotuluka Kumene

Masiku amenewo tsiku langa linkayamba madzi asanasiye kutuluka pampopi. Ndinkadzaza ndowa zonse, kuviika zovala za anthu, kusambitsa mwana wanga Katsabola, kumumwetsa tiyi ali chiimire chifukwa kukhala pansi amakuona ngati chilango, kenako kumuperekeza ku sukulu ya mkaka. Pobwera ndinkapatsa Amayi mapiritsi awo a kuthamanga kwa magazi, n'kuima pomwepo mpaka ameze, chifukwa ukangotembenuka amawabisa pansi pa pilo. Ndiye kuchapa, kuyanika, kusita, kupinda, kukapereka m'makomo. Ndimachapira anthu, ndiyo ntchito yanga. Ndipo nthawi imeneyo, Lolemba lililonse, ndinkachapanso chikhothi choyera cha achimwene anga, amene anali atamwalira.

Tinabadwa awiri. Bambo atatisiya, ndalama ya sukulu inali yokwana mutu umodzi, ndipo mutu umene unasankhidwa sunali wanga. Sindinalire. Achimwene anali ndi nzeru zoopsa, ine ndinali ndi manja. Anakalowa ku yunivesite kukaphunzira za mankhwala, zimene eni ake amati famase, ndipo mumsewu mwathu aliyense ankati tawoloka.

"Anthu sasiya kudwala," ankatero Amayi. "Wa mankhwala sagona ndi njala."

Anthu sanasiyedi kudwala, koma ntchito sinabwere. Achimwene anamaliza, anakagwira chaka choyeserera kuchipatala, analandira chiphaso chawo, kenako anayamba kutha nsapato. Kulikonse ankati malo kulibe, dikirani. Mnzawo wina wa m'kalasi anapita kunja, wina ankagulitsa mafoni. Achimwene anapeza ganyu yophunzitsa sayansi pa kasukulu kena kamene kankalipira kakakumbukira.

Apa m'pamene anatulukira a Makiyi. Timawatchula choncho chifukwa cha mulu wa makiyi umene umalira m'chiuno mwawo, umawamva usanawaone. Anali ndi ndalama ndipo ankafuna kutsegula sitolo ya mankhwala, koma lamulo limati sitolo yotere ikhale ndi munthu amene anaphunzira ntchitoyo. Kulemba munthu wa tsiku lonse anati n'kodula, ndiye anangobwereka pepala. Chiphaso cha achimwene, chokhala ndi chithunzi chawo, chinapachikidwa kukhoma m'felemu, ndipo mwezi ukatha a Makiyi ankawapatsa kangachepe. Wogulitsa mankhwala anali akazi awo. Kuseri kwa kauntala anaikako tebulo, mpando, chikhothi choyera chokoleka pampandopo, ndi kapu ya tiyi yomwa theka. Munthu akafunsa, yankho linali limodzi: "Adokotala angotuluka kumene, abwera posachedwa." Wofunsayo akakhala wa boma woyendera masitolo, ankaimba foni, achimwene n'kusiya choko, n'kuliyatsa liwiro.

"Choyamba, sindine dokotala," ankadandaula madzulo akuvula nsapato. "Chachiwiri, zaka zonse zija ndinkawerenga mpaka maso kufiira kuti ndidzakhale chokongoletsa khoma?"

"Khomalo likulipira, achimwene. Idyani, zikuzizira."

Anafa pa ngozi ya basi, akupita kukayesedwa ntchito kuchipatala china chakutali. Shati imene anavala ndinasita ndine.

Anthu a pamaliro atabalalika, a Makiyi anabwera. Anakhala pampando wathu wabwino, chipewa pabondo.

"Amake Katsabola, inu ndinu munthu womvetsa zinthu. Pepala lija silinathe mphamvu. Likhale pomwepo mpaka chaka chithe, ine ndizipereka monga kale."

"Mwini wake kulibe."

"Kodi analipo liti?"

Ndinayang'ana Amayi, amene anagona choyang'ana kukhoma osafuna kudya. Ndinayang'ana Katsabola, amene bambo ake anasowa ngati utsi iye asanamere mano. Ndinavomera. A Makiyi anandipatsanso ganyu yochapa chikhothi chija, chifukwa chovala chongokhala chimachita chikasu, ndipo oyendera masitolo si ana.

Chimene chinkandisowetsa mtendere chinali kolala. Lolemba lililonse chikhothi chinkabwera chili ndi litsiro la khosi la munthu. Ndinafunsa akazi a Makiyi ngati amachivala. Anati ayi, chimawathina m'mapewa, ndipo amuna awo mimba singalowe.

"Ndi fumbi chabe limenelo, asisi."

Fumbi silidziwa pamene pamakhala khosi. Ndinkakwecha ndi bulashi osayang'anitsitsa, n'kukachiyanika kuseri kwa nyumba kuti Amayi asachione chikugwedezeka ndi mphepo, manja ali tambasu.

Tsiku lina ndinabwerera msanga kokapereka zovala, n'kupeza bedi la Amayi lilibe munthu. Munthu amene ngakhale pakhomo sankafikapo! Aneba athu anali pakhonde akusenda anyezi.

"Ukufuna amayi ako? Iii, sukudziwa? Masiku ano ukangokhota apo, nawonso amanyamuka. Atatchena, kontena ya chakudya m'manja. Ife timati achira."

Ndinawapeza m'sitolo ya a Makiyi, pabenchi pamene amakhala odikira mankhwala. Anavala diresi yawo yabwino, kontena ili pamiyendo, manja onse awiri pa chivundikiro. Akazi a Makiyi anandikokera pambali.

"Musandikalipire, asisi. Anabwera tsiku lina okha, akuti angoona malo amene mwana wawo ankagwira ntchito. Pomwepo bambo wina anafunsa za adokotala. Ine pakamwa panazolowera, ndinangoyankha monga mwa masiku onse. Iwo anangokhala pansi. Nanga munthu wamkulu ndimuthamangitse bwanji?"

Ndinakhala pafupi nawo. M'sitolomo munkanunkha mankhwala okolopera ndi makatoni. Kukhoma achimwene ankatiyang'ana m'felemu, tayi itapendekeka monga inalili tsiku lojambulitsa. Pansi pawo panali mpando, chikhothi chimene ndinasita ndekha, ndi kapu ya tiyi ikufuka nthunzi.

"Amayi, tiyeni kunyumba."

"Ndidikire pang'ono."

"Mukudikira ndani?"

Chitseko chinatseguka kumbuyo kwathu, ndipo ine, ine amene ndinakazindikira mtembo kuchipatala, ndinatembenuza khosi kuti ndione ngati ndi achimwene. Anali mayi wina wodzagula mankhwala a chifuwa.

Pobwerera tinayenda pang'onopang'ono, ine nditanyamula kontena. Inali yolemera, sanaitsegule.

"Usandiyang'ane ngati wamisala," anatero Amayi. "Ndinalipo pamene tinamuika. Ndikudziwa. Koma kunyumba aliyense wolowa amati malemu, malemu. Kuja amati abwera posachedwa. Kodi ndikakhala pamene akunena zabwino ndalakwira ndani?"

Ndinachita zimene ndimatha. Ndinabisa nsapato zawo; anapita ndi masilipasi. Ndinawapatsa ntchito yopinda zovala. Anazipinda zonse mwaluso n'kunyamuka. Kutseka chitseko ndi loko sindikanatha, anandibala ndi iwo. Ndinadziuza kuti bola akuyenda, akuona dzuwa.

Koma ankatha. Masana sankadya, ati adyera limodzi ndi achimwene akabwera, ndipo chakudya chinkabwerera chitasasa. Diresi ija inayamba kulendewera. Kenako mawu aja akuti "ndikudziwa" anasiya kumveka. Tsiku lina atalowa m'nyumba anandifunsa ngati achimwene anadutsira kuno, chifukwa kusitolo anawaphonya pang'ono pokha, tiyi anali akadali wotentha. Madzulo ena anamulanda Katsabola buku lalikulu limene ankakhalira.

"Siya za amalume ako iwe, akabwera akukalipira."

Kuyambira pamenepo Katsabola akamva mapazi panja ankathamangira kuchitseko. Ankaima pamenepo, chala m'kamwa, kenako n'kubwerera.

"Si amalume," ankandiuza, ngati akundipepesa.

Mwezi utatha a Makiyi anabwera okha, makiyi akulira kuposa kale, nkhope ili ngwee.

"Amake Katsabola, amayi anu ndi golide! Dzulo kunabwera oyendera. Ndinati adokotala apita kukaoda katundu, foni yawo yathima. Sanakhulupirire, anayamba kununkhiza paliponse ngati agalu a polisi. Mmodzi anafunsa agogo pabenchi kuti kodi mukudikira chiyani. Iwo eti, 'Ndine mayi wake, ndamubweretsera chakudya, wangotuluka kumene.' Basi! Anthu aja anachita manyazi, mpaka kuwagwira chanza ndi manja awiri." Anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiwonjezera pa ija ya mwezi. Ndiwagulira ndi mpando wa khushoni, benchi lija ndi louma. Koma azifika m'mawa ndithu, anthu amenewa sanena tsiku."

Amayi anali kuchipinda, akusita mpango woti avale mawa. Ndinkamva simbi ikugunda patebulo.

M'mawa mwake ndinaperekeza Katsabola, n'kutenga beseni langa lalikulu lopanda kanthu. Nditafika, Amayi anali kale pabenchi. Sindinapereke moni. Ndinazungulira kauntala, kuchotsa chikhothi pampando, kukwera pampandopo, n'kuchotsa felemu pamsomali. Pakhoma panatsala malo oyera a ngodya zinayi.

"Asisi! Asisi, mukutani?" Akazi a Makiyi anakuwa mpaka amuna awo anatuluka kosungira katundu.

"Tsikani apo! Mwapenga? Tinagwirizana!"

"Tinagwirizana za pepala. Za amayi anga sitinagwirizane."

"Ndiye mukalitani kunyumba pepala limenelo, mukaliphika? Mwana wanu adya felemu?" Anatsitsa mawu poona kuti pali makasitomala. "Tamverani, ophunzira za mankhwala ali mbwee m'misewumu, akungoyenda ndi maenvelopu. Mawa lomwe ndipeza wina."

"Pezani. Koma akhale wamoyo."

Ndinaika felemu m'beseni, chikhothi pamwamba. Pakauntala panali bambo wina wachikulire, atagwira kabotolo kopanda kanthu, amene sanamve bwino zimene zinkachitika. Anafunsa mwaulemu ngati adokotala alipo, chifukwa ankafuna kufunsa za mlingo wa mankhwala a mdzukulu wake. Akazi a Makiyi anatsegula pakamwa. Ndinawayang'ana mpaka anatseka.

"Kulibe, bambo," ndinatero, mokweza kuti pabenchi pamveke. "Anamwalira. Papita miyezi. Za mlingo kafunseni kuchipatala."

Amayi anayang'ana mpando wopanda kanthu nthawi yaitali. Ndinkadikira kuti alire, kapena agwe, ndipo ndinali nditaika kale beseni pansi kuti ndiwawakhe. Sanagwe. Anaimirira okha, nakonza mpango wawo, nasiya kontena pabenchi pomwepo.

"Mtima wako ndi wa bambo ako," anandiuza. "Mwala."

Anatuluka. Ndinawatsatira pambuyo ndi beseni pamutu, ndipo njira yonse sanacheuke.

Zimene tinataya ndi izi. Ndalama ya mwezi ija inatha, ndi ganyu ya Lolemba yomwe. Akazi a Makiyi anandinena kwa anzawo kuti ndine wamwano, ndipo makomo angapo amene ndinkachapira anasiya kundiitana. Katsabola ndinamuchotsa ku sukulu ya mkaka. Masana amakhala pafupi ndi ine, akuchapa kansanza kake. Lendi inatikanika, tinasamukira m'chipinda chimodzi kuseri kwa malo owotcherera zitsulo, kumene phokoso limayamba dzuwa likangotuluka. Kabati ndi mipando ndinagulitsa chifukwa sizikanalowa. Amayi sanandilankhule mpaka mvula inagwa. Akafuna mchere ankauza mwana kuti andiuze. Koma anayamba kudya, ndipo pano thupi likubwerera. Amakhala pakhomo, amakangana ndi owotcherera aja za utsi.

Kusitolo kuja pakhoma pali nkhope ina tsopano, ya mtsikana wa magalasi. Ndamva kuti masana amagulitsa zovala pamsika.

Chipinda chathuchi chimadontha pakona, kumapazi kwa bedi. Eni nyumba akuti akonza mvula ikatha. Ndaikapo ndowa.