Fungo la Thina

Mphuno ya a Penta inafa kalekale, ndipo eni akewo sanadziwe n'komwe tsiku limene inatsirizika. Munthu ukakhala zaka zambirimbiri m'shedi ya malata, mfuti yopopera penti ili m'manja, lero geti, mawa mawindo achitsulo, mkuja makabati, mphuno imatopa n'kugona osadzukanso. Pakona ya shediyo panali mgolo wabuluu wa mankhwala osungunulira penti. Pamgolopo analembapo dzina lake lenileni, zayilini, koma aliyense ankangoti thina. Penti akalimba, a Penta ankathiramo thina n'kutakasa ndi kamtengo mpaka azitsika ngati ulusi. Akamaliza ntchito, thina yemweyo kutsukira mfuti, thina yemweyo kutsukira maburashi, thina yemweyo kusamba m'manja. Chotchingira kumphuno chinalipo ndithu, chokolekedwa pamsomali, koma amene anapindula nacho ndi akangaude. Iwo ankati chimawabanikitsa.

Mkazi wawo anamwalira n'kuwasiyira mwana mmodzi yekha, wamkazi. Ankamutchula kuti Dona, chifukwa ali wamng'ono ankayenda chonyang'ama m'shedimo kuopa kudetsa diresi. Dona anakula, anakwatiwa ndi dalaivala wa malole, mnyamata wofatsa wosachulutsa mawu, ndipo posakhalitsa anaima. A Penta anayamba kuyenda ngati mimbayo ndi yawo. Kasitomala aliyense wobwera kudzafunsa za geti lake ankachoka atamva kuti mwezi wakuti kukubwera mdzukulu.

Mdzukuluyo sanadikire mwezi wakewo. Foni inalira masana, a Penta ali mkati mopopera geti lofiira.

"Bambo, ndine mkamwini wanu. Kwabadwa mwana wamwamuna. Koma wafulumira kwambiri, ndi wochepa, ndipo akuti mapapo ake sanakhwime. Amuika m'chipinda cha ana obadwa masiku osakwana."

"Nanga Dona?"

"Ali bwino. Akukufunsani."

A Penta anazimitsa makina n'kudziyang'ana. Manja anali ofiira mpaka m'zigongono. M'zikhadabo munali mitundu ya mageti a chaka chonse. Anachita manyazi. Mdzukulu woyamba, wamwamuna, akamulandire ndi manja otere? Anatenga beseni, ndipo sanafune thina wakuda wotsukira mfuti uja ayi, anatsegula mgolo n'kuthira watsopano, woyera ngati madzi akumwa. Anakhula manja, anakhula mikono, anakhula khosi ndi kuseri kwa makutu, anachotsa timadontho ta m'ndevu. Ming'alu ya m'zala inkawawa ngati athiramo tsabola, iwo osasiya. Malaya awo a paulendo anali ndi kadontho kobiriwira pakolala, nako anakapukuta ndi kansanza konyowa ndi thina. Nsapato nazo anazipukuta. Chibadwire a Penta anali asanayerepo chonchi.

M'basi anthu anayamba kutsegula mawindo. Mayi wina anaphimba mwana wake kumaso ndi nsalu. A Penta anangoti n'kutentha, poti dzuwa linalidi loswa mtengo.

Kuchipatala anawalozera khonde lalitali, kumapeto kwake kuli chitseko chagalasi. Asanachigwire, namwino wina wachikulire anatulukira n'kuima patsogolo pawo. Nkhope yake inali yaulemu, koma mphuno inali itakwinyika.

"Pepani bambo, mukufuna ndani?"

"Mdzukulu wanga, amayi. Wabadwa lero. Ndine agogo ake."

"Mwadzola chiyani m'thupimu?"

"Sindinadzole kanthu. Ndasamba. Taonani." Anatambasula manja, kuonetsa kuno, kutembenuza kuonetsa uko, ngati mwana wasukulu pamzere.

"Kusambako ndaona. Koma mwasamba ndi chiyani?"

Atamuuza, namwinoyo anapukusa mutu. Sanakalipe. Anafotokoza pang'onopang'ono kuti ana a m'chipindamo amapuma movutikira, ena ndi timachubu m'mphuno, ndipo mpweya wa mankhwala amenewo ungawapweteke. "Ineyo wamkulu, pano mutu wayamba kale kundiwawa. Nanga kamwana kochepa ngati botolo? Pitani, mukabwere fungoli likatha. Ngakhale mayi ake musamukhudze, chifukwa mwanayo amagona pachifuwa pake."

"Fungo lake liti, amayi?"

Namwino anawayang'ana nthawi yaitali, ndipo anazindikira kuti bamboyu sakuchita makani, akufunsadi. Anawalola kusuzumira pagalasi ali chapatali. Dona anali pampando, atafunda nsalu pachifuwa, ndipo pamwamba pa nsaluyo pankangooneka kachipewa koluka. Anakweza dzanja n'kumwetulira motopa. A Penta nawo anakweza dzanja lawo loyeralo, kenako anachita nalo manyazi n'kulibisa m'thumba. Zinawapweteka kwambiri. Anabwerera kunyumba wapansi.

Shedi anaikhoma, geti lija n'kutsala lofiira mbali imodzi. Mwini getilo anaimba foni mpaka anatopa. Koma vuto linali apa: munthu wopanda mphuno adziwa bwanji kuti fungo latha? Pakhonde la nyumba yoyandikana nayo pankasokera mayi wina wamasiye, telala wa pakamwa posapsatira. A Penta anasamba ndi sopo mpaka khungu kuuma, n'kupita kukaima pafupi ndi makina ake.

"Atelala, tandinunkhizani."

"Inu a Penta, ukalamba wakuyambirani kumutu? Anthu akationa anena chiyani?"

Atamva nkhani yonse anasiya kuseka. Anadzuka, ananunkhiza paphewa, n'kubwerera m'mbuyo. "Mukadali mgolo weniweni. Kodi simudziwa kuti ife timadziwa kuti mukubwera musanakhote pakona paja? Zaka zonsezi. Tinkangoti ndi mmene mulili."

"Bwanji simunandiuze?"

"Munthu n'kumuuza kuti mumanunkha ntchito imene ikukudyetsani?"

Mayiyo analowa m'nyumba mwawo ngati wapolisi. Fungo linali m'matiresi, m'mabulangete, m'makatani, m'zovala zonse za m'sutikesi, ngakhale m'thaulo limene ankadzipukutira akasamba. Anatulutsa zonse padzuwa. Anawauza kuti azigona pakhonde, pamphasa yake imene anawabwereka. Ananenanso kuti china chikuchokera mkati, m'mpweya wawo akamalankhula, ndipo chimenecho sopo sangachithe, n'chofunika kungodikira. Kenako anatenga nsalu yatsopano n'kuyamba kuwasokera malaya, amene anati azikhala kwa iye mpaka tsiku la ulendo.

Masiku amenewo anali aatali. Manja osazolowera kukhala anayamba kusupuka, ndipo mutu unkawawa. M'mawa uliwonse ankapita kukaima pamakina paja, telala n'kununkhiza, n'kugamula. "Lero ndinu theka la mgolo." Tsiku lina, "Lero ndinu kachitini." Ankaseka onse awiri, koma kuseka kwa a Penta sikunkakhalitsa.

Dona ankaimba madzulo aliwonse.

"Ababa, mnzanu akukufunsani kuno."

"Auze abwanawo adikire pang'ono, ndikudzikonza. Ali bwanji?"

"Lero wayamwako. Dzulo anatiopseza, anasiya kupuma kanthawi, koma anamuthandiza. Ali ndi zala zanu, zazitali. Muzibwera, ababa."

"Ndikubwera, mwana wanga. Ndikufuna ndikabwera ndidzamunyamule, osati kumuonera pagalasi ngati katundu wa m'sitolo."

M'mawa wina telala ananunkhiza paphewa, ananunkhiza m'manja, anawauza kuti apume mwamphamvu, n'kuima kaye.

"Ine sindikumva kanthu. Valani malaya anu muzipita."

A Penta anagwira malayawo, atsopano, osita bwino. Kenako anakumbukira nkhope ya namwino uja, ndi manja awo ali m'malere pakhonde lachipatala, anthu akuyang'ana. Mantha anawagwira.

"Mphuno yanuyo yandizolowera, atelala. Ya anamwino aja ndi yakuthwa. Akakandibwezanso kachiwiri sindingapirire. Ndipite mawa, ndikhale ndi chitsimikizo."

"Pitani lero, a Penta."

"Mawa. Tsiku limodzi n'chiyani?"

Telala anangokhala pansi n'kuyamba kupalasa makina ake.

Kutacha anasamba, anavala malaya aja, anakwera basi. Palibe anatsegula windo. Mtsikana wina anakhala nawo pafupi mpaka anawodzera n'kutsamira paphewa pawo, ndipo a Penta anangokhala phee osagwedezeka, akusangalala ngati mwana. Foni anali ataiiwala pamphasa chifukwa chofulumira.

Pakhonde lalitali lija anakumana ndi namwino yemwe uja. Anawazindikira asanafike. A Penta anatambasula manja awo osupukawo, akumwetulira.

"Ndabweranso, amayi. Tanunkhizani."

Namwino sananunkhize. Anawagwira pamkono, mofatsa, monga amagwirira odwala. "Tiyeni kuno, bambo. Akhala akukuimbirani." Sanapite nawo kuchitseko chagalasi. Anatsegula kachipinda kena kapambali, kokhala ndi mipando iwiri ndi windo limodzi.

Mkamwini anali ataima chakuwindoko, atafulatira. Dona anali pampando, khanda lili m'manja, lokutidwa bwinobwino m'nsalu yoyera. Panalibe kachubu, panalibe kachipewa. A Penta anaona zimenezo. Anagwira chitseko.

"Watisiya m'mawa uno, ababa," anatero Dona. Mawu ake anali ouma, a munthu amene walira mpaka misozi kutha. "Dzulo anali bwino tsiku lonse. Anatsegula maso. Ndinkangoyang'ana kuchitseko."

A Penta anaima pakhomo pomwepo, manja ali kumbuyo.

"Lowani. Bwerani mumunyamule."

"Kodi latha?" anafunsa motsitsa mawu, akuyang'ana namwino. "Fungo lija, latha?"

"Zilibenso kanthu, ababa," anatero Dona. "Palibe chingamupwetekenso. Mutengeni."

Analowa. Anakhala pampando winawo, anapukuta manja pamalaya, n'kuwatambasula. Dona anawaikira mdzukulu wawo. Anali wopepuka kuposa mfuti ya penti yopanda kanthu. Anakankha nsalu pang'ono n'kuona kankhope kofatsa, ngati ka munthu amene wagona atatopa ndi ulendo. Anafunafuna kadzanja m'nsalumo, n'kukapeza, n'kukaika pachala chawo. Zala zinalidi zazitali.

Anakhala choncho nthawi yaitali, akugwedeza mwanayo pang'onopang'ono, ndipo palibe anawaletsa. Misozi inkatsikira m'ndevu n'kugwera pamalaya atsopano aja.

"Ndabwera, abwana," anatero. "Ndine agogo anu. Pepani, ndinachedwa ndi kusamba."