Mbale za a Sitima Padzuwa

Ku Migowi, chaka cha 1956, munthu akafuna kudziwa kuti dziko linawonongeka liti ankangopita pakhonde la telala Amidu. Madoda ankakhala pamenepo. Nkhani inali imodzi: kale. Kale nguli zinkavina osagwa. Kale ng'ombe zadothi sizinkathyoka nyanga. Kale galimoto inkalira ndi handulo, inkafuna mwamuna, osati malole a masiku ano oyendetsedwa ndi ana. Za chikwapu cha kuminda ya tiyi palibe ankakumbukira. Mitu ya madoda imasankha.

Mkulu wa mpingo umenewu anali a Cornelius Sitima. Galimoto anali asanakwerepo kutsogolo. Koma anali ndi galamafoni. Anabwera nayo kuchokera ku Joni akadali mnyamata, pamodzi ndi mbale zitatu za nyimbo ndi chifuwa. Chifuwacho anthu ankachimva tsiku ndi tsiku. Galamafoniyo inali itagona m'bokosi zaka khumi. Ati inali yolemekezeka kwambiri, yosayenera makutu wamba.

Mwana wawo Zelifa ankakwatiwa Loweruka ndi Hector, dalaivala wa lole. Akuchimuna anati abweretsa anyamata a mabanjo ochokera ku Limbe. A Sitima anakana pamaso pa bambo ake a Hector, ankhoswe ali pompo.

"Mabanjo? Zitini zomanga waya? Paukwati wa mwana wanga palira nyimbo zenizeni. Mukadzamva, asewere, mudzagwetsa misozi."

Mawu anatuluka. Mawuwo anakwera njinga, anafika mpaka ku Chiringa. Tsopano galamafoni ikapanda kulira, a Sitima adzakhala chiseko cha msika wonse.

Lachisanu m'mawa anapita kwa Amidu kukanola singano za galamafoni pamwala. Kunyumba akazi awo, mayi Eveles, anatsegula bokosi kuti akonzeretu zinthu. Anapeza mphemvu. Anapeza chuku pambale zonse zitatu. Anachita zomwe mayi aliyense wanzeru amachita ndi chinthu cha chuku: anayanika. Pa lata, pabwalo, pafupi ndi nandolo. Mwezi wa Okutobala. Dzuwa la ku Phalombe silifunsa kuti ichi n'cha ku Joni.

A Sitima anabwera masana. Anaima. Mbale zinali zitapindika ngati zipewa za akapitawo.

"Amake Zelifa! Ichi n'chiyani?"

"Mbale zanu. Zinachita chuku. Ndayanika."

"Mwayanika? Ndi nandolo zimenezi?"

"Nanga zofunda zanu sindiyanika? Mumafuna alendo aone chuku?"

"Zapindika, mayi!"

"Inunso munapindika kalekale, koma tikukusungani."

A Sitima anayesa kuwongola imodzi poipsinja ndi mwala wamphero. Inati phwa! Yachiwiri anaikhalira mosamala, itakulungidwa m'bulangeti. Nayo inapita. Yachitatu anangoiyang'ana, osaikhudza.

Loweruka masana, atachoka kutchalitchi, anthu anadzaza pabwalo. Anyamata a mabanjo anabwerabe, poti Hector sanali wopusa. Anakhala pa lole, mabanjo ali pamiyendo, akumwetulira. A Sitima anaika galamafoni patebulo. Anapukusa handulo. Anatsitsa singano.

Mbale inayamba kuzungulira, ikukwera ndi kutsika ngati bwato pa Chilwa. Mawu anatuluka. Woimbayo anakwera m'mwamba ngati wapondedwa chala, kenaka anatsika ngati ng'ombe yodwala. Anakweranso. Mayi ake a Hector anatembenukira kwa mnzawo.

"Kodi kwagwa maliro?"

Pa lole wina anatsamwa ndi phwete. A Sitima anaweramitsa mutu. Basi, kwatha.

Pamenepo Amidu anadzuka. Kwa zaka khumi anakhala akuuza anyamata kuti nyimbo imeneyi ilibe inzake. Akananena kuti yawonongeka, ana akanafunsa kuti yabwinoyo inkamveka bwanji, ndipo iye sankakumbukira.

"Ndi momwemo!" anafuula. "Ndi imeneyi! Achimwene Sitima, mwandibwezera ubwana!"

Madoda ena anayang'anana. Palibe anafuna kukhala woiwala yekha. Anadzuka mmodzimmodzi. Anavina. Mbale ikakwera, iwo ankanyanyamphira. Ikatsika, ankawerama atagwira m'chiuno, ndipo zimenezo sizinawavute, poti misana inali yozolowera. Mmodzi analiradi misozi.

"Ana inu simungamve," Amidu anauza a pa lole. "Nyimbo zakale zinkafuna khutu."

Bambo ake a Hector anafika patebulo, nagwira a Sitima dzanja ndi manja awiri.

"Asewere, munanena zoona. Zoterezi sindinamvepo chibadwire."

A Sitima anavomera ndi mutu, monga munthu wozolowera kupambana. Mbale itatha, anakweza dzanja n'kulola kuti ana aimbeko zitini zawo. Bwalo lonse linanyamuka, fumbi kobo, Zelifa ali patsogolo.

A Sitima ananyamula galamafoni kupita nayo kuseri kwa nyumba. Anakhala pamtondo. Ulemu wawo unali wonse, wosang'ambika. Anatseka maso kuti aimbe nyimbo ija chamumtima, yeniyeniyo, monga inkamvekera m'komponi ku Joni ali ndi zaka makumi awiri. Anayamba. Inakwera ngati wapondedwa chala. Inatsika. Anayambiranso, pang'onopang'ono. Inatuluka yopindika yomweyo.