Nyemba ya Sanda pa Windo la a Costache

A Costache anayendetsa basi mumzinda wa Galați mpaka imvi zinadzaza m'mutu, ndipo atapuma pantchito ankangolakalaka bata. Koma khoma la khitchini yawo linali lopyapyala, ndipo kuseri kwake kunkakhala Sanda, mtsikana wa sitandade 3, amene sankatha kuwerenga chamumtima. Akangoweruka kusukulu, zonse zimene waphunzira tsikulo ankazibwereza mokweza. Lero mayina a mitsinje, mawa masamu ochulukitsa, mkuja ndakatulo. Lachinayi ndiye kunkakhala mavuto, chifukwa linali tsiku loyeserera chitoliro. A Costache ankagogoda khomalo ndi supuni. Mwanayo ankatsitsa mawu pang'ono, koma posakhalitsa n'kubwerera pomwe anali.

Tsiku lina chisanu chitayamba kutha, Sanda anagogoda pachitseko chawo atanyamula botolo la jamu lodzaza dothi.

"Amalume, kwanu kuno dzuwa limalowa?"

"Limalowa. Ukulifuna la chiyani?"

"Aphunzitsi ati aliyense adzale nyemba, aziona mmene ikukulira. Kwathu dzuwa silifika. Amayi ati ndikupempheni, koma ati mwina mukana chifukwa ndinu ovuta."

"Atero amayi akowo?"

"Eya."

A Costache anamuyang'ana mwanayo, nayang'ana botololo, n'kupatuka pakhomo kuti alowe. Sanda analiika pawindo la kukhitchini, nalitembenuza mpaka anakhutira.

"Madzi ndizithira ndekha. Inuyo musaikhudze," anatero.

Kuyambira pamenepo ankabwera masana alionse. Nyemba ija itamera, ankaiyeza ndi lula, chifukwa nazonso zinali za masamu. Ankaijambula, popeza aphunzitsi ankafunanso zithunzi. Kenaka ankakhala patebulo n'kulemba ziganizo zofotokoza masamba ake, lilime lili panja. A Costache ankamudulira buledi, n'kupaka jamu, uku akunyinyirika kuti nyenyeswa zikugwera pansi.

"Mukudziwa kuti masamba amadzipangira okha chakudya ndi kuwala kwa dzuwa?" Sanda anafunsa tsiku lina.

"Ndiye iwenso uzikhala pawindopo, amayi ako apumeko kuphika."

"Amalume, ine ndilibe masamba."

Pa masamu ndiye sankamvana. A Costache ankapeza yankho m'mutu mwanayo asanatsegule n'cholembera chomwe, koma Sanda ankakana, ati yankho lopanda njira aphunzitsi salandira. A Costache ankati kale iwo ankaphunzira bwino popanda timabokosi tonse tolembamo njirati. Komabe mwana uja akapita, ankavala magalasi n'kuyesa njira yakeyo kumbuyo kwa nyuzipepala.

Pa Isitala, Sanda ndi mayi ake a Doina anapita kumudzi kukacheza kwa sabata. Asananyamuke, mwanayo anathirira nyemba yake nanena kuti madziwo akwanira. Koma sabata imeneyo dzuwa linawala kwambiri, ndipo a Costache akayang'ana timasamba tija ankamva chisoni. Anathira madzi m'mawa, anathiranso madzulo. Anawonjezanso tiyi wotsala, monga ankachitira malemu akazi awo ndi maluwa. Pofika Loweruka masamba anali achikasu, tsinde litagwa, dothi likununkha.

Sanda atabwera analunjika pawindo paja. Anapisa chala m'dothi muja, chinatuluka chili chonyowa.

"Ndinakuuzani," anatero.

"Unandiuzadi, mwanawe. Ndimaona ngati ili ndi ludzu."

Mwanayo analira mpaka a Doina anatulukira. "Ndi nyemba chabe, Sanda. Pepani bambo Costache, mwanayu watopa ndi ulendo," anatero, namukoka Sanda dzanja.

Masana a tsiku lotsatira kuseri kwa khoma kunali zii. A Costache anakhala patebulo, tiyi mpaka kuzizira, osamva dzina la mtsinje ngakhale limodzi. Pamapeto pake anatapa nyemba m'thumba la zophikira supu, natsuka mabotolo awiri, n'kukagogoda okha kwa a Doina.

"Ina yako, ina yanga," anamuuza Sanda. "Yakoyo sindiyandikira. Yangayi ndiithirira mmene ndikufunira, tione amene akudziwa."

Sanda anapukuta mphuno, naganiza kaye. "Kumeneko ndiye kuyesa kwa sayansi. Ndilembanso za yakufa ija. Ndilemba kuti munaipha ndinu."

"Lemba, koma dzina langa ulilembe bwino."

Nyemba ya Sanda inakula mwamphamvu, inakwera chingwe cha katani mpaka anaiikira ndodo. Ya a Costache inangotalika ngati chala, masamba ake otumbuluka, koma eni ake ankati ikusunga mphamvu. Tsiku lokazionetsa kusukulu litafika, zinaoneka kuti mwana yekha sangathe kunyamula botolo ndi ndodo yaitaliyo. A Costache anavala jekete lawo labwino, nakwera naye basi, mbewu ija ikugwedezeka pamwamba pa mitu ya anthu. Woyendetsa anali Ionuț, amene iwo anamuphunzitsa ntchito kalekale.

"Akuluakulu, mwayamba ulimi?" anafunsa akuseka.

"Yang'ana kutsogolo iwe, ndipo pokhota uyende bwino. Tanyamula za sayansi."

Kusukulu a Costache anaima kumbuyo kwa kalasi, chipewa chili m'manja, Sanda akufotokoza za nyemba zitatu zonse. Atafika pa yakufa ija analoza kumbuyo, ana onse n'kutembenuka. A Costache anawerama pang'ono ngati woimba pabwalo, ndipo ngakhale aphunzitsi analephera kudzigwira.

Pobwerera anayenda wapansi, Sanda akudya buledi wamchere amene anamugulira pakona.

"Sabata yamawa tiyamba za mbiri yakale," anatero pakamwa pali podzaza. "Aphunzitsi ati tipeze munthu wokalamba kwambiri, atiuze mmene mzinda uno unalili."

"Ndiye ukamupeza kuti munthu wotere?"

Sanda anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Lolemba mudzavale jekete lomweli," anatero, nawagwira dzanja kuti awoloke msewu.