Feteleza m'Makhola a Apongozi

Ine ndinanena. Ndinanena mpaka kukhosi kuuma, koma mawu a mkazi wokwatiwa pakhomo la eni ake amalowa khutu ili n'kutulukira linalo.

Bambo a ana anga amagwira ntchito pa sitima ya kafukufuku, ija imathira feteleza m'nyanja ya mchere. Eya, feteleza, m'madzi. Amapita kutali kosaoneka mtunda n'kukawaza ufa wofiira wosakaniza ndi chitsulo kuti kumere pulankitoni, tizomera tosaoneka ndi maso timene tinsomba timadya. Akuti tizomerato timayamwanso mpweya woipa umene ukutenthetsa dziko. Amuna angawo ntchito yawo ndi yosenza matumba ndi kusakaniza m'mathanki, ndipo ovololo imabwera yofiira ngati dzimbiri, sopo n'kumangondithera.

Apongozi anga aamuna anali msodzi mpaka pamene nsomba zinasowa. Atatopa ndi kukoka ukonde wopanda kanthu, anamanga makhola a nsomba kuseri kwa dooko, pamalo pamene nyanja inalowerera kumtunda ndipo madzi ake sayenda. Makholawo ndiwo anali moyo wawo wonse. Chimwalirireni apongozi aakazi, mkuluyo ankacheza ndi nsomba kuposa anthu, ndipo tonsefe tinkadya za momwemo.

Sitima itabwera ku ulendo woyamba, kunamveka kuti kumene anathirako nsomba zayamba kuoneka. Mkulu wa kafukufukuyo, amene timangomutchula kuti Mayi wa Mabotolo chifukwa chotunga madzi m'timabotolo paliponse, anaitanitsa anthu padooko. Anati amathira pang'ono kwambiri, ndiponso pakuya. Ananenanso mosabisa kuti tizomerato tikachulukitsa timafa n'kuola, ndipo poolapo timatha mpweya wa m'madzi, moti ngakhale iwo eni sakudziwa bwino zimene zikuchitika pansi pa nyanjapo. Apongozi anangomva za kuoneka kwa nsomba zokhazo. Pobwerera ankaseka okha, amvekere anthu ophunzira ndi oumira, munda ndi munda basi, ukauthira feteleza wambiri umabereka zambiri.

Anayamba kumuvutitsa mwana wawo kuti awapatseko matumba a ufawo ong'ambika amene kusitima amataya. Amuna angawo ndevu ali nazo, koma pamaso pa bambo awo amasanduka mwanapiye. Ndinawakumbutsa zimene mayi uja ananena, iwo n'kungokanda m'mutu, ati mdala akufuna ndiye nditani. Matumba anabwera pawilibala. Nditayesa kulankhula ndi apongoziwo, anandiyankha mwaulemu wopweteka uja.

"Mayi, nyanjayi ndinaidziwa inu musanabadwe."

Anakwera bwato lawo n'kukhuthula zonse tsiku limodzi, akuwaza ndi mbale mozungulira makhola.

Sindinama, poyamba zinakoma. Madzi anabiriwira, nsomba zinayamba kunenepa chakudya chogula asanachiwonjezere. Apongozi ankayenda mosanja manja kumbuyo, aneba a makhola oyandikana nawo akuwafunsa chinsinsi, iwo n'kumangotsinzinira diso. Akandipeza ndikuchapa ankandifunsa ngati ulosi wanga uja wafika pati. Ineyo ndinatsala pang'ono kupepesa, Mulungu ndi mboni.

Kenako madzi aja anasintha, anada bii, n'kuyamba kununkha ngati mazira oola. M'mawa wina mlamu wanga anabwera akuthamanga, osagogoda n'komwe, kuti tifulumire kumakhola. Tinapeza nsomba zonse zili pamwamba, kukamwa yasa, zikuwefuka. Tinamenya madzi ndi nkhafi, tinatunga ndi ndowa n'kumakhuthula kuti mwina mpweya ulowe, mpaka mapewa kuchita dzanzi. Pofika masana panali poyera ndi mimba za nsomba, kuyambira makhola athu mpaka a aneba onse.

Akanatukwana bola. Anebawo ankangowola nsomba zawo zakufa n'kumaponya m'mabwato, osatiyang'ana. Ine ndinali nditasunga mawu anga aja kuti ndidzawalavule tsiku ngati limeneli, koma nditaona mkuluyo ataima m'madzi olekeza m'chiuno, atanyamula nsomba yaikulu ndi manja awiri, mawuwo anandikanika. Ndinangomva chisoni, ndi mantha a zimene tidye.

Mayi wa Mabotolo anabwera n'kutsitsa chipangizo chake ndi chingwe. Anati pansipo palibe chamoyo chatsala, ndipo poti madziwo sayenda, zitha kutenga zaka kuti munthu awetemonso kanthu. Sanafunse kumene ufa unachokera.

Anthu atabalalika, apongozi anatuluka m'madzi n'kukhala pamphepete pa bwato. Anakodola mwana wawo ndi dzanja. Analankhula motsitsa, ngati akuopa kuti ine ndimva.

"Mwanawe, kusitima kwanuko, ufa wina uja wobwezera madzi mwakale, undipezereko. Ngakhale thumba long'ambika."

"Kulibe, bambo."

"Ukafunse bwino. Mwina amasunga akuluakulu. Sangapange chothira osapanga chochotsera."

Amuna anga anayang'ana zikhadabo zawo. Ine ndinatembenukira kumbali, misozi ili mbwe.

"Kulibe, bambo. Ife timangodziwa kuthira."