Khadi la Wendell Lopanda Chilolezo

Wendell Prokop anasewerako mu ligi yaikulu ya bezibolo nyengo imodzi yokha, kalekale, phewa lisanamukanike. Anali woponya mpira. Anzake onse a timu ija anatuluka pa makhadi a zithunzi za osewera, amene anthu amagula n'kumasonkhanitsa, koma iye ayi. Pamene kampani yosindikiza inkafika pa dzina lake, n'kuti atabwerera kale kwawo ku Erie, akukonza zotenthetsera m'nyumba za anthu. Nkhaniyi sankaikonda, ndipo omudziwa sankaiputa.

N'chifukwa chake anadabwa Lorraine Hutchek, mayi wogulitsa makhadi akale, atamuimbira foni kuti afike Loweruka kuholo ya tchalitchi kumene ogulitsa amayala matebulo awo.

"Mwabwera, a Prokop. Khalani apa," anatero Lorraine osamwetulira. Anatulutsa khadi lokutidwa m'pulasitiki yolimba. "Mukumudziwa ameneyu?"

Nkhope inali ya Wendell ali mnyamata, ndevu zapamlomo zili bii. Koma chipewa chinalibe chizindikiro chilichonse, jezi ili mbee. Kumbuyo kunali dzina lake ndi mmene anasewerera, basi.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndimati mundiuza ndinu. Khadi lenileni limakhala ndi chilolezo cha ligi: chizindikiro cha timu pachipewa, dzina la kampani kumbuyo. Limenelo munthu amagula mtima uli m'malo, mtengo wake sugwa wamba. Koma ili, aliyense wokhala ndi makina akhoza kulitulutsa m'galaja mwake. Otere ndimangowaponya m'bokosi la zotchipa."

"Ndiye liponyeni."

"Ndikanatero. Koma pali wina pa intaneti akunamiza anthu kuti awa ndi makhadi oyeserera, ati kampani inasindikiza ochepa n'kusiya. Bambo amene wandibweretsera ili analipira ndalama zoti akanagula matayala onse a galimoto yake." Anamuyang'ana chapamwamba pa magalasi. "Ntchito ikuyenda bwino masiku ano, a Prokop?"

"Mukuganizira ine?"

"Sindinatero. Kungoti chithunzichi sindinachionepo m'nyuzi iliyonse. Chachokera m'nyumba mwa munthu."

Analiyandikiza khadilo kumaso. Kuseri kwa phewa lake kunkaoneka mpanda wamatabwa ndi nthambi ya mtengo wa maapozi. Anapazindikira pompo: panali pakhomo pa apongozi ake. Ndipo tsiku lojambula chithunzicho amene ankazungulira ndi kamera anali mmodzi, Gus Tarantino, mlongo wake wa mkazi wake, amene tsopano anali ndi kashopu kosindikiza timapepala toitanira anthu ku maukwati. Wendell analijambula khadilo pafoni n'kunyamuka osatsanzika.

Anamupeza Gus akudya pitsa pakauntala.

"Alamu! Mwasochera? Kapena mwakumbukira chotenthetsera chija munalonjeza chaka chatha?"

Wendell anangomuikira foni patsogolo. Gus anasiya kutafuna.

"Mayo ine. Joanne andipha," anatero, akupukuta zala pathalauza. "Mkazi wanu yemweyo ndiye anandituma. Mphatso ya tsiku lanu lobadwa imeneyo. Anati munthu sangafike zaka makumi asanu ndi limodzi alibe khadi lakelake. Mwaononga zonse, alamu, ndi ukazitape wanuwo."

Mtima wa Wendell unafewa pang'ono. Zinali zofanana ndi Joanne zimenezo. Koma kufewako sikunakhalitse.

"Nanga pa intaneti lafikapo bwanji?"

"Oyamba sanatuluke bwino, ndinawataya kubini. Anthu amatolatola, mukudziwa."

"Bodza la kampani nalonso analitola kubini komweko?"

Gus anatambasula manja. "Ine ndi intaneti? Tandioneni bwino. Foni yomweyi amandiyatsira ndi adzukulu."

Pashelefu, kuseri kwa mutu wa Gus, panali mulu wa timaenvulopu tolimba, tating'ono, tongokwana khadi limodzi. Gus anaona kumene maso a mlamu wake analoza.

"Za makasitomala izo," anafulumira kunena. Kenako analowa kuchipinda chamkati n'kutuluka ndi kabokosi. "Onse ndi awa. Ndilumbire?"

"Musalumbire."

Wendell anakasiya kabokosiko pomwepo, chifukwa cha Joanne. Kunyumba sananene kanthu. Masabata otsatira ankangomuona mkazi wake akunong'oneza pafoni, akubisa timapepala m'kabati, ndipo ankadzida yekha podzifunsa ngati nayenso akudziwa za malondawo.

Pa tsiku la phwando, makhadiwo atatulutsidwa, Wendell ananamizira kudabwa, ndipo anakhoza. Joanne analira. Achibale anandanda pamzere kuchokera pasofa mpaka kukhitchini, aliyense khadi m'manja, kuti awasainire. Wendell anatenga cholembera. Zaka zonsezi palibe anali atamupatsapo khadi kuti alembepo dzina lake. Anasaina onse, ena akumuseka kuti akuchedwa ngati akulemba mayeso. Gus anaima chapakhomo ndi botolo la mowa, akuimba m'manja mopitirira muyezo.

Lorraine anachenjeza osonkhanitsa makhadi kuti la Prokop n'lopanda chilolezo, losindikizidwa m'tauni momwemo. Mtengo unagwa tsiku lomwelo, wogulitsa wa pa intaneti uja anazimiririka, ndipo Gus anakhala miyezi iwiri osaponda kwa mlongo wake. Wendell anati nkhani yatha.

Chipale chofewa chitayamba kusungunuka, Lorraine anaimbanso.

"Pepani za tsiku lija, a Prokop," anatero Lorraine, Wendell atafika patebulo pake. "Koma taonani ili."

Linali khadi lomwe lija, koma pansi pa nkhope panali dzina lolembedwa ndi inki yabuluu.

"Dzanjali ndi lanu, kapena wina wakopera?"

Wendell anayang'ana mchira wa chilembo chomaliza, pamene cholembera chinaterereka. "Ndi langa."

"Ndiye zasintha. Khadi lilibe chilolezo, inde, ndipo silidzafika pa mtengo wa lenileni. Koma munthu amene anasewera mu ligi yaikulu, wopanda khadi lina lililonse, n'kusainapo yekha? Ofuna alipo, ndipo akundivutitsa kale."

"Wabweretsa ndani?"

"Makasitomala anga sinditchula."

"Ndi Gus."

"Gus ndimamudziwa bwino, a Prokop. Sanali Gus."

Pa Pasaka banja lonse linasonkhana kwa Wendell. Joanne anaotcha nyama ya nkhumba, Gus anabwera ndi vinyo ngati palibe chinachitikapo. Wendell anakhala kumutu kwa tebulo, akuwayang'ana mmodzimmodzi: mwana wake Denise, amene analira paphwando paja kuposa mayi ake, mkamwini wake, amene anapempha makhadi awiri ati lina n'la kuofesi, msuweni wake Arlo, amene sanaonerepo bezibolo chibadwire. Aliyense ankadya bwinobwino.

"Simukudya bwanji?" Joanne anamufunsa chapansipansi.

"Ndikudya."

Anadula kanyama, n'kukasiya pambale. Kenako anakweza mawu, akuyesetsa kuti zimveke ngati nkhani wamba.

"Makhadi anu aja mukusungabe, eti?"

"Eee!" anayankha onse nthawi imodzi, mofulumira kwambiri, ndipo Arlo anapempha kuti amupatsire mbatata.