Mapointi a pa Kadi ya Kalipentala

Mota ya makina opalira matabwa inapsa Lolemba, pamene madesiki makumi anayi amene sukulu ina inaoda ankafunika Lachisanu. Wokonza mamota anaitembenuza, kuinunkhiza, n'kutchula mtengo. Kalipentala atatulutsa kadi ya ngongole ya shopu, munthuyo anaseka.

"Pulasitiki sindidya ine, bwana. Ndalama m'manja, mota mawa."

M'manja munalibe kanthu, ndipo kadiyo inali yogulira katundu basi, sinkalola kutapa ndalama. Amene anakumbukira za mapointi anali alamu ake, osunga mabuku a shopu. Zaka zitatu akugulira matabwa, misomali ndi guluu pa kadiyo, banki inkawaunjikira mapointi popanda wowalabadira.

"Alamu, mukufa ndi ludzu mwendo uli m'madzi," anatero akugogoda pepala la ku banki. "Awa amawasintha n'kukhala ndalama. Ndawerengera, mota ikwana, mwinanso patsala ya basi."

Lachiwiri kalipentala anavala malaya oyera n'kukaima pamzere ku banki. Anaima mpaka miyendo inayamba kudandaula. Utuchi unali utatsalira m'makutu, ndipo tulo ta masiku awiri tinkamukoka zikope. Mtsikana wa pa desiki anamupatsa fomu maso ali pa kompyuta.

"Chongani bokosi limodzi, musaine pansipo."

Sanali munthu wosaina chinthu asanachiwerenge. Anayendetsa chala pa mzere uliwonse. Bokosi loyamba linkati ndalama zibwezedwe, lachiwiri linkati zitumizidwe. Pansi pake panali timalemba tating'ono ngati nyerere, toti maso ake sakanatitha. Anafuna kufunsa, koma mtsikanayo anali pa foni, ndipo mayi wa kumbuyo kwake anali atatsonya kale kawiri. Anaganiza yekha. Kutumiza amatumizira munthu amene ali kutali, ndiye iye ali pompo amutumizire kuti? Chobweza ndiye chimabwerera m'manja mwa mwini wake. Anachonga loyamba.

Mtsikanayo anatayipa pang'ono n'kumwetulira.

"Zatheka, bambo. Zabwezedwa."

"Zikomo, mwanawe. Ndikatengere pa windo iti?"

"Mukatenge chiyani?"

"Ndalamazo."

"Zalowa mu kadi, bambo. Ngongole yanu yatsika. Mukanafuna zogwira m'manja mukanachonga chachiwirichi, zikanapita ku akaunti n'kukatapa panja pomwepa."

 Kalipentala anafunsa mofatsa ngati sizingatheke kufufuta, poti inki inali isanaume n'komwe.

"Mapointi akatuluka sabwerera. Komatu simunaluze, bambo. Ndalama zake ndi zomwezo."

Kalipentala anagwedeza mutu. Mwanayo sankanama, ndipo nkhope yake inkaoneka kuti nayenso anatopa kalekale ndi kufotokoza zomwezomwezo. Anapinda kalisiti, n'kukaika m'thumba la malaya.

Pobwerera anadzera kwa wokonza mamota. Anamuuza kuti amugulira waya kapena chilichonse cha m'sitolo pa kadiyo, mtengo wake ufanane.

"Waya ndili naye wodzaza shelefu. Mwini nyumba yanga safuna waya."

Ku shopu anapeza alamu ake atakhala pa mulu wa matabwa osapala, pamodzi ndi Madala, wantchito wake wa zaka zambiri.

"Zili m'thumba liti, tizione?" anafunsa alamuwo.

Anawapatsa kalisiti kaja. Anakawerenga kawiri, kukamwa kuli yasa.

"Ndiye kuti banki yadzilipira yokha ndi mphatso yanu? Alamu, simunafunse?"

"Ndinawerenga."

"Ophunzira ndi amene mumativuta," anatero Madala. "Ine ndikanangotambasula dzanja mpaka aikemo kanthu."

Palibe anaseka kwenikweni. Kalipentala anayang'ana mulu wa matabwawo n'kuwerengera mumtima zimene anthu atatu angapale ndi manja pofika Lachisanu. Ngakhale osapuma, sakanapitirira madesiki khumi ndi asanu.

Anatuluka panja n'kuimbira foni ahedi a sukulu ija. Anafotokoza zonse mwadongosolo, osawonjezera, osadzikometsera. Ahediwo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako ananena mwaulemu kuti ana sangakhale pansi kudikira mota. Khumi ndi asanuwo alandira, otsalawo apereka kwa kalipentala wina.

"Ndamva, bwana. Zikomo."

Analowanso, kuvula malaya oyera aja, n'kuwapachika pa msomali.

"Madala, kokerani benchi kuno kowala. Alamu, tsekani mabukuwo, mugwire thabwa uku."